Tinathawa ku Zingalume, anatilandira kwa Tembwe

Ndine mayi wa ana atatu, mbadwa ya kwa Tembwe m'boma la Chama, kuchigwa cha Luangwa. Kwathu timayankhula Chisenga, koma kusukulu tinaphunzira Chinyanja, ndipo umboni uwu ndaupereka m'chiyankhulo chimenechi kuti ufikenso kwa abale athu a ku Malawi amene tinagundana nawo malire. Amuna anga ndi a ku Rwanda. Mu Epulo 2016 zimenezi zokha zinali mlandu woti munthu n'kufa nawo mumzinda wa Lusaka.

Iwo anachoka kwawo mu 1994 ali mwana, pa nthawi ya kuphana koopsa kuja. Anakhala mumsasa ku Zaire, dziko limene lero ndi Congo, mpaka nkhondo inawapezanso komweko mu 1996. Anayenda m'nkhalango miyezi yambirimbiri, kudya zimene apeza, abale ena n'kumatsala m'njira. Atalowa mu Zambia anawatengera ku Meheba, msasa wa othawa kwawo umene unatsegulidwa mu 1971 kumpoto chakumadzulo kwa dziko lino. Kumeneko anakulira m'madambo a mpunga pamodzi ndi anthu akwawo. Atakula anapita ku Lusaka kukagulitsa m'shopu ya mnzawo, kenaka anatsegula kantemba kawokawo ku Zingalume. Ine ndinali ndikugwira ntchito ya m'nyumba, ndipo tinadziwana pa zenera la kantembako ndikugula sopo.

Kantemba kathu kanali chipinda chimodzi chakumaso kwa nyumba ya lendi. Tinkatsegula kusanache, kutseka anthu atagona. Tinkagulitsa ufa wa m'timapepala umene ku Lusaka amati pamela, saladi woyeza pa kachivindikiro, shuga wa kapu imodzi ya tiyi, makandulo, machesi, mabanzi ndi tokutaimu. Pansi pa kauntala pankakhala kope la ngongole. Mayi akabwera m'mawa wopanda kanthu, mwana akulira njala, ankatenga pamela n'kulembetsa, adzalipira pakutha pa mwezi. Anthu a ku Rwanda ankasonkherana ndalama n'kukaoda katundu wambiri pamodzi, motero mitengo yawo inkatsikirapo pang'ono. Ogula ankakondwa nazo, koma ena a timashopu ankang'ung'udza. Kuonjezera apo, 2015 chinali chaka chowawa: kwacha inagwa mphamvu, magetsi ankangozimazima chifukwa madzi anachepa ku Kariba, ufa unakwera mtengo, ndipo zisankho za mu Ogasiti 2016 zinali pafupi. Mitima ya anthu inali kale m'mwamba.

Kuyambira mu Malichi, m'makomboni a George, Zingalume ndi Lilanda, mbali ya ku Matero, munayamba kupezeka mitembo m'mamawa, ina itachotsedwa makutu, mtima ndi ziwalo zobisika. Anthu osachepera 7 anaphedwa motero. Tonse tinkaopa. Amuna anga anayamba kutseka msanga, ana tinawaletsa kutuluka dzuwa likalowa. Kenaka kunabuka mphekesera yakuti ziwalozo zapezeka mufiriji ya mwini shopu wina wa ku Rwanda, ndipo akuti n'chizimba cha bizinesi. Pampopi, m'minibasi, pamaliro, nkhani inali yomweyo. Ukafunsa kuti shopu yake iti, wina ankati ya ku George, wina ya ku Chunga, wina ya kuseri kwa msika. Aliyense anali atamva kwa mnzake amene anamva kwa mlamu wake.

Lolemba pa 18 Epulo, chakumasana, tinamva phokoso likuchokera kumsewu waukulu, malikhweru ndi kulira kwa malata. Tisanadziwe chochita, aneba athu anagogoda kuchitseko chakuseri. Anali mayi wamasiye wogulitsa makala, wachikulire kuposa ine, wopemphera mpingo wina wosiyana ndi wanga komanso wa amuna anga.

"Amake mwana, tulukani msanga. Musatenge kanthu. Alamu, inu tsogolani, weramani."

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, chimodzi chodzaza matumba a makala mpaka kudenga. Anasuntha matumba awiri, amuna anga anagona pansi chafufumimba m'mbali mwa khoma, ndipo anawafunditsa masaka opanda kanthu n'kubwezera matumba aja. Ana anga anawavula malaya a sukulu, anawakhazika pakhonde pamodzi ndi adzukulu awo, n'kuwaikira mbale ya nsima yotsala pakati. Anawauza kuti, "Wina akafunsa, nonse ndinu adzukulu anga. Wotchula adadi ndimukwapula." Atatero anakhala pakhomo penipeni, miyendo tambalale, n'kuyamba kulongedza makala m'timapulasitiki ngati tsiku lina lililonse.

Ine ndinkasuzumira pa mng'alu wa zenera. Chitseko cha kantemba anachithyola ndi chitsulo. Matumba a ufa, makatoni a sopo, sikelo, mashelefu, zonse zinatuluka pamitu ya anthu. Analowanso kuchipinda chogona n'kutenga matiresi, mapoto ndi nsapato za ana. Firiji anaikokera pamsewu, gulu lonse likukuwa kuti itsegulidwe. Anaitsegula. Munali soseji, nkhuku zodula ndi timadzi tozizira ta ana a sukulu. Palibe anati, "Anzanga, tawalakwira anthuwa." Analimbirana sosejiyo, ndipo anyamata anayi ananyamula firijiyo n'kumapita nayo. Ambiri mwa anthuwo sanali achilendo kwa ine. Ndinkadziwa mayina a ana awo. Bambo wina amene dzina lake linali pa masamba angapo a kope lija ndi amene analitola, n'kuling'amba pakati, n'kuliponya m'ngalande.

Kenaka anyamata atatu anabwera pakhomo pa aneba, wina atagwira botolo la petulo.

"Amayi, muRwandese uja ali kuti?"

"Anathawa kalekale m'mawa. Chokani apa, mukundipondera makala."

"Tilowe tione."

"Ulowe m'nyumba mwanga iwe? Pita ukaitane amako, abwere adzalowe ndiwo."

Mnyamatayo anayang'ana pansi, anzake anaseka, ndipo anapita. Nthawi yonseyi fumbi la makala linali litawalowa amuna anga pakhosi. Analuma saka kuti asatsokomole, mpaka mkamwa munatuluka magazi. Usiku titawatulutsa anali bii thupi lonse, akunjenjemera. Mawu oyamba amene ananena anali akuti, "Ndimayesa kubisala ndinakusiya ku Congo." Aneba anawapatsa madzi osamba, n'kunena kuti, "Bodza ndanena lija ndikayankha ndekha kwa Mulungu. Inu idyani."

Kusanache, mwana wawo wamwamuna anatiperekeza kudzera m'tinjira ta kuseri mpaka kupolisi, kumene tinapeza anzathu ambiri atakhala pabwalo. Kuchoka apo tinakafika kutchalitchi cha Katolika cha St Ignatius ku Rhodes Park, chimene chinatsegula zipata kwa anthu othawa. Tinalipo mazana angapo: a ku Rwanda, a ku Burundi, a ku Congo, ndi akazi a Chizambia onga ine amene tinatsata amuna athu. Bambo Charles Chilinda, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti amene anatisiya mu 2021, ndi anzawo a paparishipo anatipatsa malo ogona. Akhristu ankabwera ndi magalimoto atanyamula mabulangete, ufa, nyemba, matewera ndi zovala. Ine ndine wa CCAP chibadwire, koma palibe anandifunsa za mpingo ndisanalandire mbale. Amayi ena ovala bwino, oti pamsewu sindikanayerekeza kuwapatsa moni, anagwada pansi n'kumusambitsa mwana wanga wamng'ono amene anali atatsegula m'mimba.

Tili momwemo tinamva kuti chipwirikiti chafalikira m'makomboni ena ndipo boma latulutsa asilikali. Mashopu oposa 60 anaphwasulidwa, anthu oposa 250 anamangidwa. Ku Kanyama anthu awiri anawotchedwa amoyo, ndipo onse awiri anali a Chizambia. Gulu likalusa silifunsa chitupa. Pulezidenti Edgar Lungu anabwera kutchalitchiko sabata yomweyo, n'kunena kuti zimene zachitikazo zachititsa manyazi dziko ndipo boma lititeteza. Mwezi wa Meyi apolisi analengeza kuti agwira anthu anayi powaganizira za kuphedwa kwa anthu kuja: asilikali awiri, wogwira ntchito wamba kunthambi ya asilikali a m'ndege, ndi sing'anga. Panalibe wa ku Rwanda ngakhale mmodzi. Nkhani imeneyi siinathamange ngati ya firiji ija, ndipo palibe anabweza ngakhale supuni.

Anzathu ambiri anawatengera kumisasa ya othawa kwawo. Amuna anga anakana kubwerera ku moyo wa mumsasa, ndipo eni nyumba ku Zingalume anatumiza mawu akuti tisabwererenso, akuopa kuti nyumba yawo idzatenthedwa. Ndinaimbira foni amayi anga. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Bwerani, tidzaona konkuno." Titalongosola za mapepala tinakwera basi ya ku Chipata, kuchoka apo ya ku Lundazi, kenaka lole yolowera ku Chama, boma limene nthawi imeneyo linali m'chigawo cha Muchinga lisanabwezedwe ku chigawo cha Kummawa mu 2021. Katundu wathu yense anali chikwama chimodzi ndi mabulangete a kutchalitchi.

Mphekesera inali itafika kale kumudzi pa foni, ife tisanafike. Ndikapita kukatunga madzi, amayi ankasiya nkhani. Ana anga kusukulu ankawatcha ana a odula anthu. Mwana wina atasowa madzulo, kuti anangogona kwa agogo ake, maso a anthu anayamba aloza pakhomo pathu. Apa m'pamene ndinataya mtima koposa ku Lusaka, chifukwa awa anali anthu a magazi anga, ndipo kutsogolo kunalibenso kothawira.

Amene anayamba kukonza zinthu ndi asibweni, alongo awo a amayi anga. Anati munthu wobisidwa m'nyumba ndiye amaopsa. Anagwira nkhuku, anawatenga amuna anga masanasana kudutsa pakati pa mudzi mpaka kwa amfumu, anthu akuona. Kumeneko anati, "Uyu ndi mkamwini wathu, bambo wa adzukulu athu. Akalakwa, mlandu ubwere kwa ine." Amfumu anawafunsa amuna anga za kwawo, za makolo awo ndi za ulendo wawo. Iwo anafotokoza m'Chinyanja chawo chopotoka, ndipo atafika pa za amayi awo amene anawaika m'manda osadziwika m'nkhalango ya Congo, madoda amene anali pabwalopo anavula zipewa.

Lamulungu lotsatira mkulu wina wa mpingo, mphunzitsi wopuma, anaimirira nthawi ya zolengeza. Sanakalipe. Anafunsa kuti mwa onse amene ali m'tchalitchimo, ndani anaona ndi maso ake choipa chimene mlendoyu wachita. Kunali zii. Anawakumbutsa zimene wailesi inanena za anthu anayi ogwidwa aja. Anakamba za Rute, mkazi wa ku Mowabu amene anakunkha m'munda wa eni dziko n'kudzakhala kholo la mfumu Davide. Potsiriza anakamba za ife eni. Akuluakulu amatiuza kuti makolo a mafumu a Asenga anachokera kutali, kudziko la Aluba, napeza anthu oyankhula Chitumbuka m'chigwa muno, nakwatira ana awo n'kutenga chiyankhulo chawo. Mbiri imeneyi timaikumbukira pa mwambo wa Kwenje kwa Kambombo. Mkuluyo anati, "Akanakhala kuti eni chigwa anathamangitsa alendo aja, bwenzi inu ndi ine kulibe."

Mkati mwa sabata imeneyo amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo wathu, anabwera pakhomo atavala yunifolomu yawo. Wina anasenza mpunga, wina mtedza, wina mphasa, wina poto wakale koma wosadontha. Anakhala pansi n'kudya nafe chakudya chimene amuna anga anathandiza kuphika, ndipo mudzi wonse unamva kuti adya ndipo ali moyo. Mmodzi wa iwo anandinong'oneza potsazika kuti, "Ine mantha ndinali nawo, mwana wanga. Ndabwera chifukwa anzanga abwera." Mawu amenewo ndimawasunga. Munthu mmodzi amaopa kuyamba, koma amayi khumi akamanga nsalu pamodzi, wamantha nayenso amapeza miyendo.

Amfumu anatipatsa kachigawo ka dambo kamene kanagonera zaka zingapo. Kwathu ku Chama mpunga ndi chuma chathu, ndipo ambiri tinazolowera kuwaza mbewu. Amuna anga anachita monga anaphunzirira ku Meheba: anafesa nazale, anasalaza munda, anaumba timizere totchinga madzi, n'kuwokera mbande m'mizere ndi chingwe. Anthu ankaima pamsewu kuseka kuti mkamwini akulima mpunga ngati kabichi. Pokolola sanasekenso. Chaka chotsatira ena anabwera kudzaona mmene amachitira, ndipo tinalowa m'gulu la alimi ogulitsa mpunga ku bungwe la COMACO. Anthu anayamba kunena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwo ndi woona, koma ine umandidetsa nkhawa pang'ono. Tsiku limene asibweni anagwira nkhuku ija, amuna anga analibe kalumo kalikonse kooneka. Anali munthu wowonda, wosagona tulo, wovala malaya opatsidwa. Akanati adikire kaye aone phindu lake, sakanamulandira. Alendo ambiri amafika ali otero, ndipo ena sadzabweretsa luso lililonse, koma ndi anthu ndithu.

Kulandiridwa kwenikweni kunabwera mwakachetechete. Pamaliro ena adzukulu anawapatsira khasu kuti nawonso alowe m'dzenje. Nyengo ya njovu anawaika pa mndandanda wa olonda minda usiku, kuwotcha tsabola ndi kuimba zitini. Ndipo tsiku lina pamsonkhano wa mudzi amfumu anawadzudzula pagulu chifukwa chojomba ntchito yokonza msewu, n'kuwalipiritsa nkhuku monga amachitira ndi wina aliyense. Ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha. Mlendo sadzudzulidwa pabwalo, amangomunena kumbali. Wodzudzulidwa ndi mwana wa pamudzi.

Mayeso anabwera kumayambiriro kwa 2020, pamene dziko lonse linagwidwa ndi mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku. Nkhaniyi inayambira ku Chingola n'kufalikira zigawo zonse, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira. Ine ndinalongedza chikwama, ndikudziwa kuti mlendo ndiye amayamba kulozedwa. Usiku wina tinamva kugogoda. Amuna anga anaima kuseri kwa chitseko thukuta lili kamukamu. Anali anyamata a m'mudzi: "Alamu, tengani tochi, lero ndi gulu lathu lolonda."

Masiku omwewo mnyamata wina wochokera mbali ya ku Malawi anafika panjinga dzuwa litalowa, akufuna ganyu. Achinyamata anamuzungulira, ndipo m'chikwama mwake anapeza botolo la mankhwala. Ena anali atatola kale miyala. Mayi uja anandiuza za mantha ake ndi amene analowa pakati, anamugwira dzanja mnyamatayo n'kukamukhazika pakhonde pake, nati aliyense womufuna ayambe wamenya iye. Amfumu atabwera ananunkhiza botololo, n'kulipereka kwa alimi a thonje kuti nawonso anunkhize. Anali mankhwala a mbozi za thonje, omwe aja ali m'nyumba iliyonse. Mnyamatayo anagona kwathu, ndipo anatithandiza kupalira asanapitirire ulendo wake.

Kuyambira pamenepo mudzi wathu unagwirizana mfundo zitatu, ndipo mipingo yonse inazilengeza. Mlendo akafika, apatsidwe madzi ndi pokhala, kenaka aperekezedwe kwa amfumu. Mafunso afunsidwe kumeneko. Wobweretsa nkhani yoopsa yokhudza munthu atchule amene anaona ndi maso, ndipo akalephera nkhaniyo ithere pomwepo. Woganiziridwa mlandu apite kupolisi ali wamoyo ndi wosavulala. Si nzeru zachilendo. Chigawo chathu chomwechi chinasunga anthu a ku Mozambique ku Ukwimi, m'boma la Petauke, pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, ndipo Lusaka yemweyo anasunga omenyera ufulu a ku South Africa m'masiku a Kenneth Kaunda.

Tisaiwalenso kuti nafenso ndife alendo kwina. Anyamata a m'chigwa muno ndi a ku Mzimba amapita ku Joni chaka ndi chaka. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndipo mu 2015 ku Durban Amalawi ambiri anagona m'matenti mpaka boma lawo linatumiza mabasi. Mu 2023 ku Malawi othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni anawagwira n'kuwabwezera ku Dzaleka. Zonena zake zimafanana kulikonse: atilanda malonda, ali ndi zizimba, ndi akuba. Mayi amene akunyoza mwini kantemba wa ku Burundi lero, mawa adzalira mwana wake akathamangitsidwa ku Johannesburg ndi mawu omwewo.

Sindinganene kuti zonse zinatha. Amuna anga akamva phokoso la anthu ambiri, ngakhale la mpira, amalowa m'nyumba. Kuyambira pa 30 Juni 2013 anthu a ku Rwanda amene anathawa m'zaka zija sawerengedwanso ngati othawa kwawo, ndipo kuti munthu apeze chilolezo chokhazikika amafunika pasipoti ya dziko limene analithawa, chinthu chimene ambiri amachiopa. Ana athu ndi a Chizambia chifukwa cha ine, koma bambo wawo akadali munthu wodalira mapepala a kanthawi. Za katundu wa ku Zingalume ndinazisiya m'manja mwa Mulungu, ngakhale nkhope za amene ananyamula ndikuzikumbukirabe.

Pempho langa likupita kwa abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu: musadikire kuti mashopu ayambe kuphwasulidwa. Mphekesera ikangoyamba kumveka pampopi, itchuleni pa guwa ndi pabwalo sabata yomweyo, mufunse kuti waona ndani. Koma lalikulu ndikupempha inu aneba wamba. Tchalitchi cha St Ignatius chinatisunga, ndipo sindidzaiwala, koma kuchokera ku Zingalume kukafika ku Rhodes Park ndi mtunda woti tsiku lija sitikanadutsa amoyo. Asilikali anabwera, Pulezidenti anabwera, koma onsewo anafika pambuyo. Pa ola limene anyamata aja anaima ndi petulo, chimene chinali pakati pa amuna anga ndi imfa chinali mayi mmodzi wogulitsa makala amene anakana kusuntha pakhomo pake. Ngati pafupi ndi inu pakukhala munthu wochokera kwina, dziwani dzina lake lero, dziwani ana ake, ndipo muganiziretu kumene mungamuike zinthu zikavuta, chifukwa tsiku limenelo simudzakhala nthawi yoganiza.